Stellarium pokonzekera tatuu ya nyenyezi: pamene imathandiza ndi pamene imakusiyani panjira

Zithunzi zambiri za matatuu a nyenyezi zimene anthu amatola pa Pinterest ndi pa Instagram zinajambulidwa ku Ulaya kapena ku America, ndipo thambo limene zimasonyeza ndi la kwawo komweko. Wobadwira ku Dedza akatenga chithunzi chotere n'kupita nacho kwa wojambula matatuu, amabwerako ndi mwezi wowala mbali yolakwika, gulu la nyenyezi la Orion loima chadodolido, mwinanso Polaris, nyenyezi imene sioneka n'komwe ku Malawi chifukwa imakhala kuseri kwa dziko chakumpoto. Pepala likalakwika mumang'amba. Khungu simungang'ambe.

Stellarium ndi pulogalamu yaulere yosonyeza thambo la malo alionse, tsiku lililonse, ola lililonse. Anaiyamba ndi Fabien Chéreau wa ku France mu 2001, ndipo mtundu wa 1.0 unatuluka mu 2022. Sinapangidwire matatuu, koma munthu wofuna kudinda pakhungu thambo la usiku umene mwana wake anabadwa, kapena umene mayi ake anatisiya, ayambire pamenepa. Pa kulondola kwa malo a nyenyezi, mwezi ndi mapulaneti palibe chodandaula. Pa kutulutsa chithunzi choti wojambula angodinda, ndi yofooka ndithu, ndipo theka la ntchito limatsalira inu.

Ilipo ya pa kompyuta, ya pa foni ndi ya pa intaneti yotchedwa Stellarium Web. Pa ntchito iyi tengani ya pa kompyuta. Imagwira pa Windows, macOS ndi Linux, imabwera ndi nyenyezi zoposa 600,000, ndipo mukangoiika sifunanso intaneti. Poikopera imadya ma MB mazana angapo, choncho musayambe ndi bandulo ya tsiku imene yatsala pang'ono kutha. Ya pa foni ndi yabwino potuluka nayo panja usiku kukaona ngati zimene mwakonza zikufanana ndi zakumwambazo, koma zosintha zofunika zambiri mulibe.

Musanaikhulupirire, iyeseni ndi tsiku lodziwika. Dinani F6, sankhani Lusaka. Dinani F5, ikani 21 June 2001, nthawi ya 15:10. Dzuwa lizimiririka kuseri kwa mwezi, monga zinachitikiradi pa kadamsana wa tsikulo, amene anadetsa mzindawo kwa mphindi zoposa 3. Ngati dzuwa likuoneka lathunthu, cholakwika si pulogalamu ayi, ndi nthawi: kompyuta yanu kapena zenera la F6 likutsata ola la dziko lina. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse ali maola 2 patsogolo pa nthawi ya Greenwich chaka chonse. Britain imasuntha wotchi ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndiye amene mwana wawo anabadwira ku Leeds mu July aonetsetse bwino pamenepa. Ola limodzi lokha limatembenuza thambo ndi madigiri 15, okwanira kulowetsa gulu lonse la nyenyezi kumadzulo.

Malo sakhala ovuta ngati nthawi. Mzuzu ali madigiri pafupifupi 11.5 kum'mwera kwa equator, Lilongwe 14, Blantyre pafupifupi 16. Kusiyana kumeneku pa tatuu ya masentimita 10 simungakuone, choncho mudzi wanu ukasowa pa mndandanda, sankhani tauni yapafupi basi. Johannesburg, pa madigiri 26, ndiye wayamba kusiyana, ndipo London, pa 51.5 kumpoto, ndi thambo lina.

Chimene ogulitsa mapu a nyenyezi sakuuzani

Nyenyezi zimabwerera pamalo omwewo tsiku lomwelo chaka chilichonse. Zimafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, ndipo chaka chikatha zafika pamene zinayambira. Thambo la 9 koloko usiku pa 12 May 1985 ndi la 12 May 2019 n'limodzi, mukangoyang'ana nyenyezi zokha. Tatuu ya "thambo la tsiku limene ndinabadwa" yopanda mwezi ndi mapulaneti si yanu nokha. Ndi ya aliyense wobadwa tsiku limenelo chaka china chilichonse, kuphatikizapo wobadwa mwezi umodzi pambuyo panu nthawi ya 7 koloko.

Chosiyanitsa chaka ndi chinzake ndi zinthu zoyendayenda. Mwezi umatha masiku 29.5 kuti ubwerere pa maonekedwe omwewo, ndipo umagwirizananso ndi deti lomwelo pakapita zaka 19. N'chifukwa chake pa 21 June 2020, zaka 19 chichitikireni za ku Lusaka zija, kunalinso kadamsana, ulendo uno wodutsa ku Congo ndi ku Ethiopia. Jupiter amazungulira thambo m'zaka pafupifupi 12, Saturn m'zaka 29.5. Mukaphatikiza mwezi ndi mapulaneti awiri okha, usikuwo wasanduka wosabwerezeka pa moyo wa munthu.

Apa ndi pamene Stellarium imaposa zithunzi zogula. Ikani Blantyre, pakati pa usiku polowa 6 July 1964, pamene dziko limalandira ufulu. Mupeza gulu la nyenyezi la Sagittarius pafupi ndi paliwombo, la Scorpius litapendekera kumadzulo, Mtanda wa Kum'mwera utagona pansi kwambiri chakum'mwera cha kumadzulo, Saturn akukwera kum'mawa. Mwezi kulibe. Unali utatsala masiku ochepa kuti upite mumdima, ndipo unatuluka m'bandakucha ngati kachikwakwa. Wojambula usiku umenewo ndi mwezi wathunthu pamwamba pa mbendera wajambula usiku wina.

Ambiri sadziwa ola limene anabadwa, ndipo ena anabadwa masana. Wobadwa masana adine A, kuwala kwa mlengalenga kuzima, nyenyezi zimene zinabisika ndi dzuwa n'kuonekera. Wosadziwa ola asapeke. Asankhe 8 koloko madzulo a tsikulo, kapena angotenga maonekedwe a mwezi okha, amene sasintha kwambiri pa maola ochepa.

Za mwezi tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi umene umalakwitsidwa kuposa china chilichonse. Kwathu kuno mwezi ukangokhala kumene kumadzulo umagona ngati bwato, nyanga zili m'mwamba, kupendekera pang'ono uku kapena uko malinga ndi nyengo. Ukafika theka, nthawi zambiri timauyang'ana chakumpoto ndipo mbali yowala imakhala kumanzere. Ku London umawala kumanja. Mzere wa maonekedwe 7 kapena 9 a mwezi umene anthu amakonda kudinda pamsana, ukachokera pa chithunzi cha kumpoto, umawerengeka chobwerera kwa munthu wa kuno: umene mukuti ukukula ndi umene ukutha. Pali zolakwika zina ziwiri zimene pulogalamuyi imakuonetsani msanga mukayandikiza mwezi. Nyanga zake sizipitirira theka la bwalo, choncho kachikwakwa kokhota mpaka nsonga kutsala pang'ono kukumana n'kongokometsera. Ndipo mkati mwa kachikwakwamo simungakhale nyenyezi, poti mbali yakudayo ndi mwezi womwewo, mwala wotchinga zonse zili kumbuyo kwake.

Nthanda nayo ili ndi malire ake. Ndi pulaneti ya Venus, ndipo sitalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri 47. Imaoneka m'mamawa kapena madzulo basi, ndipo singayandikane ndi mwezi wathunthu, amene amakhala mbali ina ya thambo moyang'anizana ndi dzuwa. Nthano yakale ya Amang'anja imati mwezi ali ndi akazi awiri, Chekechani wa kum'mawa amene amam'mana chakudya mpaka kuonda, ndi Puikani wa kumadzulo amene amam'nenepetsa. Akazi awiriwo ndi Venus mmodzi yemweyo, koma nthanoyo inalondola penipeni: kachikwakwa ka m'mawa n'kakutha, ka madzulo n'kokula. Amene akudinda mwezi ndi nthanda pokumbukira chiyambi cha banja angakonde wa madzuloyo.

Kuchotsa zochuluka

Mukapeza usiku wanu, imitsani nthawi ndi batani la 7, apo ayi thambo lizingoyenda mukukonza zina. G amachotsa nthaka, A mlengalenga, C amayatsa mizere yolumikiza nyenyezi, V mayina a magulu, Q mbali zinayi za dziko. Onetsetsani kuti simunadine Ctrl+M mosadziwa, chifukwa imeneyi imatembenuza chithunzi kuti chitsate mzere wa thambo m'malo mwa nthaka, ndipo gulu lanu liima mosiyana ndi mmene munthu woima pabwalo analionera.

Kenako F4. Pamenepa pali poika malire a kuwala, Limit magnitude. Nambala ikakhala yaing'ono, nyenyezi ndi yowala kwambiri: Sirius ali pa -1.5, zofooka zimene diso limaona kumudzi kopanda magetsi zili cha pa 6.5, ndipo zimenezi zilipo pafupifupi 9,000 thambo lonse. Zowala kuposa 3.5 zilipo pafupifupi 280, zowala kuposa 2.5 pafupifupi 90, ndipo theka lokha ndi limene limakhala pamwamba nthawi imodzi. Pa gulu limodzi ikani 3.5 kapena 4. Pa thambo lonse musapitirire 2.5. Zimitsani Twinkle kuti kukula kwa madontho kusamasinthesinthe, ndipo kwezani Relative scale kuti zowala zisiyane bwino ndi zofooka. Pa F2, pansi pa Tools, chongani Invert colors kuti chithunzi chituluke madontho akuda papepala loyera. Ctrl+T amabisa timabokosi ta m'mbali, Ctrl+S amajambula.

Chimene chimatuluka ndi chithunzi wamba, nyenyezi zili ngati timitambo topanda m'mphepete. Pulogalamuyi situlutsa mizere yakuthwa imene makina a stencil (pepala losamutsira chithunzi pakhungu) amafuna, ndipo ichi ndiye cholakwa chake chachikulu pa ntchitoyi. Sindikizani chithunzicho pa kukula kwenikweni kwa tatuu, ikani pepala loonekera pamwamba, lembani pakatikati pa nyenyezi iliyonse ndi cholembera chopyapyala, kenako kulitsani madontho m'magulu atatu okha: mamilimita 3 kwa zowala kuposa 1, mamilimita 2 kwa za pakati pa 1 ndi 2, milimita 1 kwa zotsalazo. Magulu asanu kapena asanu ndi limodzi amaoneka bwino tsiku loyamba, koma inki ikafalikira pang'ono onse amafanana.

Mizere yolumikiza ija musaiope kuisintha. Bungwe la International Astronomical Union linavomereza magulu 88 mu 1922, ndipo malire ake, amene anakonza Eugène Delporte wa ku Belgium, anasindikizidwa mu 1930. Malire okha. Mizere ya pakati pa nyenyezi palibe amene anailamula, ndipo mu Stellarium momwemo muli mitundu ingapo yosiyana, pamodzi ndi ya Atchaina, Aiguputo, Amaori ndi ena. Mayina athu mulibe. Mukalemba Nsangwe pa F3 simupeza kanthu, lembani Pleiades kapena M45.

Kukula: masamu ochepa amene amapulumutsa khungu

Yatsani Angle Measure pa F2, pansi pa Plugins, tsekani pulogalamu n'kuitsegulanso, ndipo Ctrl+A azikupatsani mtunda wa pakati pa nyenyezi ziwiri m'madigiri. Lamulo lake n'losavuta: pezani nyenyezi ziwiri zoyandikana kwambiri pa chithunzi chanu, ndipo kulitsani tatuu mpaka pakati pawo patsale khungu loyera la mamilimita 2 kapena 3. Inki imayenda pang'onopang'ono m'khungu zaka zikamapita, ndipo madontho oyandikana kwambiri amadzagwirana n'kukhala banga limodzi.

Mtanda wa Kum'mwera ndiwo wokoma mtima. Ndi gulu laling'ono kuposa onse 88, nyenyezi zake n'zowala ndipo n'zotalikirana. Kuchokera pa Gacrux pamwamba kufika pa Acrux pansi pali madigiri 6, m'lifupi kuchokera pa Mimosa kufika pa Delta pali oposa 4 pang'ono. Pa muyezo wa sentimita 1 pa digiri, mtandawo ndi masentimita 6, ndipo ungachepe mpaka 3 osawonongeka. Mukawonjezera nyenyezi ziwiri zolozera, Alpha Centauri ndi Hadar, m'lifupi mumafika madigiri 18, ndiye pamafunika mkono wonse kuchokera pachigongono. Kuziika n'kwanzeru, chifukwa pafupi pomwepo pali mtanda wina wonamizira, wokulirapo koma wofooka, wa nyenyezi za Carina ndi Vela, ndipo zolozerazo ndi zimene zimatsimikiza kuti wanuwo ndi weniweni. Ku Lilongwe mtandawu umaima chilili madigiri pafupifupi 44 kum'mwera madzulo a April mpaka June. Ku London sutuluka konse, ndipo n'chifukwa chake uli ndi tanthauzo lalikulu kwa amene anachoka kwawo.

Kanyenyezi kachisanu, Epsilon, ndiye mboni yanu. Mtanda ukaima chilili, kamakhala kumunsi chakumanja, pakati pa Acrux ndi Delta, monga pa mbendera ya Australia. Pa mbendera ya Brazil kali kumanzere, chifukwa inajambulidwa dala ngati kuti munthu akuona thambo la Rio de Janeiro la pa 15 November 1889 ali kunja kwa thambolo. New Zealand inakasiya. Stencil ikamatidwa pakhungu, musaiweruze pagalasi kapena pa kamera yakutsogolo ya foni, zonsezi zimatembenuza kumanja kukhala kumanzere. Mnzanu ajambule ndi kamera yakumbuyo, muyerekeze ndi pepala lanu, muone mbali imene Epsilon ali. Ndipo stencil imatidwe mutaimirira, mkono uli lende. Ikamatidwa mkono utapindika patebulo, mtanda umakhota mukangoimirira.

Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu za pa lamba wa Orion, anthu amakonda kuwadinda poimira ana atatu kapena abale atatu (dzinalo likunena za akamwini, koma zimenezo mukakambirane kunyumba). Alnitak, Alnilam ndi Mintaka atenga madigiri 2.7, pamene Betelgeuse ndi Rigel atalikirana madigiri 18.6. Orion wa masentimita 9 amapereka lamba wa mamilimita 13, zimene zili bwino. Wa masentimita 4 amapanikiza madontho atatuwo m'mamilimita 6, ndipo pakapita zaka adzakhala kamzere. Zitatuzi sizili pamzere wowongoka kwenikweni, Mintaka wapatuka pang'ono ndipo ndi wofookerapo. Wojambula wokonda rula amawongola, muuzeni asatero. Kuno Orion amatuluka atagona chammbali, n'kudutsa pafupi ndi paliwombo madzulo a January ndi February, ndipo mukayang'ana kumpoto Rigel woyerayo ali pamwamba, Betelgeuse wofiirayo pansi.

Nsangwe ndiye wovuta. Nyenyezi zake zowala zaunjikana m'digiri imodzi yokha, choncho pa muyezo umene unakwanira mtanda uja, zonse zilowa mu sentimita 1. Nsangwe ajambulidwe payekha, mokulitsa, osachepera masentimita 4 m'lifupi. Ngakhale pamenepo Atlas ndi Pleione amatalikirana mamilimita 3 okha, ndiye onse awiri akhale timadontho tating'ono kapena Pleione asiyidwe. Kumusiya si kunama: Azungu amati ndi alongo 7, koma maso a anthu ambiri amaona 6, monga pa chizindikiro cha galimoto za Subaru, limene ndi dzina la gululi m'Chijapani. Nsangwe amayamba kuoneka kum'mawa nthawi ya madzulo m'nyengo yokonzeka kubzala, cha mu November, ndipo kwa mwana wa mlimi tanthauzo limeneli n'lolemera kuposa nthano za Agiriki.

Thambo lonse m'bwalo limodzi, longa la pa zithunzi zokoloweka pakhoma, sitikulimbikitsa pokhapokha pamsana kapena pantchafu. Madigiri 180 m'masentimita 10 ndiye kuti digiri iliyonse yapatsidwa theka la milimita. Mtanda wonse ukhala mamilimita 3, Nsangwe kadontho. Ngati mwatsimikiza mtima, bwalolo lisachepere masentimita 18, nyenyezi zisapitirire 45, ndipo kumbukirani kuti pa mapu a thambo kum'mawa kumakhala kumanzere pamene kumpoto kuli pamwamba, poti amawerengedwa atanyamulidwa pamutu. Si kulakwitsa, wojambula asakonze.

Za magulu a zodiac, amene dzuwa limadutsamo pa chaka, mawu ochepa akwana. Gulu la mwezi umene munabadwa silimaoneka usiku wa tsikulo, chifukwa dzuwa limakhala cha komweko. Ndiponso madeti a m'manyuzipepala anatsalira: dzuwa limakhala mu Scorpius sabata imodzi yokha kumapeto kwa November, kenako n'kulowa mu Ophiuchus mpaka pakati pa December. Scorpius payekha ndi wokongola pakhungu, mchira wake wokhota umatsata bwino nthiti kapena katumba. Cancer alibe nyenyezi yowala kuposa 3.5, ndipo popanda dzina palibe angamuzindikire. Mapu a Frank Drake a ma pulsar 14 (nyenyezi zotumiza mafunde a wailesi modukizadukiza), amene anapita m'mlengalenga ndi zombo za Pioneer 10 mu 1972 ndi Voyager mu 1977, mu Stellarium simuwapeza, ndipo timizere take towerengera timafuna masentimita 15 kupita m'tsogolo kuti tisagwirane.

Pamene pulogalamu yathera, khungu n'kuyamba

Pa kompyuta nyenyezi ndi zoyera pa mdima. Pakhungu lakuda zimenezi sizitheka momwe anthu amaganizira. Inki imakhala milimita 1 mpaka 2 pansi, ndipo khungu lapamwamba, limene lili ndi mtundu wanu, limamera pamwamba pake ngati galasi lofiirira. Inki yoyera imawala sabata zoyamba, kenako imasanduka yachikasu kapena kuoneka ngati chipsera, mwinanso kuzimiririka. Milalang'amba ya pepo, buluu ndi pinki imene imakongola pa Instagram ndi zithunzi za tsiku loyamba pakhungu loyera. Inki yakuda ndiyo yokhalitsa. Wofuna nyenyezi zowala pa mdima adetse malo onse ndi inki yakuda n'kusiya mipata ya khungu lake ngati nyenyezi, mpata uliwonse wosachepera mamilimita 3 kapena 4, poti zakuda zimalowerera mkati n'kuuchepetsa. Inki yofiira ya Betelgeuse kapena Antares ndi imene imayabwitsa ndi kutupitsa anthu kawirikawiri kuposa mitundu ina. Yowala pa nyali za UV isiyeni.

Funsani singano. Paketi yolembedwa 1203RL ikutanthauza singano 3 za mamilimita 0.35 zomangidwa mozungulira, zolembera mizere. Yoyamba ndi 10 ndi ya 0.30, yoyamba ndi 08 ndi ya 0.25. Singano imodzi, 1RL, imatulutsa kamzere kopyapyala ngati tsitsi kamene kali m'fasho, koma pakhungu lakuda kamaoneka movutikira kakapola, ndipo sikakhululuka dzanja likanjenjemera. Pa mizere yolumikiza 3RL ndi yabwino, madontho aakulu 5RL kapena 7RL. Chinanso chothandiza: mzere usakhudze dontho, ulekezere milimita 1 kapena 2 lisanafike, kuti nyenyezi izionekabe payokha.

Singano ikapitirira n'kufika pa mafuta a pansi pa khungu, inki imamwazikana n'kupanga chifunga chobiriwira kuzungulira dontho, chimene ojambula amati blowout. Sichichoka. Chimachitika kwambiri pamene khungu lili lopyapyala: polumikizira dzanja, mkati mwa mkono chakukhwapa, pakakolo, pazala. Pa tatuu ya mkango chifunga chotere chimabisala mu mthunzi, koma pa madontho 5 okha palibe pobisala. Singano ikaperewera, dontho limachoka pamodzi ndi nkhanambo. Pa ziwirizi kuperewera kuli bwino, chifukwa kumakonzeka. Malo odalirika ndi kunja kwa mkono, paphewa chakumunsi, pakatumba ndi pantchafu. Zala ndi m'mbali mwa phazi zimafufuta msanga.

Amene ali ndi zipsera zotukuka, zija zimakula kupitirira bala, kaya pakhutu pamene anaboola kapena pamene anatemedwa mphini, aonane ndi dokotala asanayambe. Zimapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda, ndipo zimakonda pachifuwa, pamapewa ndi kumtunda kwa msana, malo omwewo amene mapu aakulu amafuna. Dontho limodzi loyesera pamalo obisika, n'kudikira miyezi 2 kapena 3, limanena zambiri. Ena amafuna kusandutsa timadontho tobadwa nato kukhala nyenyezi. Lumikizani mizere mozungulira ngati mukufuna, koma singano isapite pa kadonthoko, chifukwa inki imabisa kusintha kumene dokotala angafune kuona m'tsogolo.

Pa ukhondo palibe kunenerera. Singano itsegulidwe m'paketi inu mukuona, inki ithiridwe m'kakapu katsopano ndipo yotsala itayidwe, magolovesi asinthidwe akagwira foni, makina akulungidwe pulasitiki. Zitsulo zogwiritsidwanso ntchito zimafuna autoclave, nthunzi ya madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15. Kupukuta ndi sipiriti sikukwanira, ndipo matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C komanso HIV amatha kudutsira pa singano yobwereza. Inki ya bolopeni kapena ya printer si ya m'thupi. Pemphani kuona botolo ndi deti lake lothera ntchito, ndiponso zithunzi za ntchito ya wojambulayo zitapola kwa chaka, pa anthu akhungu longa lanu. Wa zithunzi za tsiku loyamba zokhazokha sanakuonetseni kanthu.

Kupola kwa pamwamba kumatenga sabata 2 mpaka 4, kwa mkati miyezi 2 kapena 3. Tsukani kawiri kapena katatu patsiku ndi sopo wopanda fungo, umitsani mosakhula, pakani mafuta ochepa kwambiri oti khungu lisachite kunyezimira. Vaseline wochindikala amafewetsa nkhanambo isanakhwime, n'kuchoka ndi inki. Kusambira kunyanja kapena kumtsinje kudikire mpaka nkhanambo zonse zitagwa zokha, ndipo dzuwa lisawombepo. Nkhanambo ya dontho la milimita 1 ikakandidwa, nyenyezi yonse yapita. Kufiira sikuoneka bwino pakhungu lakuda, choncho dalirani zizindikiro zina: ululu kapena kutupa kowonjezeka pakapita masiku 3, kutentha kwa pamalopo, mafinya, kuphwanya thupi. Zikatero ndi za kuchipatala, osati za kwa wojambula.

Kufufuta ndi laser n'kotheka koma n'kwa nthawi yaitali, maulendo angapo otalikirana sabata 6 mpaka 8. Pakhungu lakuda makina oyenera ndi Nd:YAG ya 1064 nm, ndipo ngakhale iyo ingasiye mawanga oyererako. Inki yoyera imatha kuda ikawombedwa ndi laser.

Pepala lija munasindikiza ku Stellarium musataye. Pakapita sabata 6 mpaka 8, liyandikizeni ndi tatuu pamalo owala, werengani madontho limodzilimodzi. Kawirikawiri limene lazilala ndi laling'ono kwambiri, Epsilon pa mtanda kapena Pleione pa Nsangwe. Ojambula ambiri amabwereza madontho otere ulere kapena pamtengo wochepa, koma zimenezi mugwirizane musanakhale pampando tsiku loyamba, ndipo mukamabwerera mutenge pepalalo kuti dontho libwezedwe pamalo pake penipeni, osati pamene diso la wojambula laona kuti pakukongola.